Mmene mungayesere ngati chikondi chili ndi malo m'gemu ya nkhondo

Mkangano uwu sukutha pakati pa ife okonda magemu a strategy, aja oti umakhala pansi n'kumaganiza kuti asilikali uwaika pati, ndalama ugulira chiyani, mdani umulowera mbali iti. Ena amati nkhani za chibwenzi ndi ukwati zimasukulutsa gemu: munthu unabwera kudzamenya nkhondo, ukupezeka ukusankhira mtsikana maluwa. Ena amati popanda zimenezo asilikali amangokhala manambala oyenda pa mapu, akafa mtima sugunda n'komwe. Ine ndaima apa: chikondi chili ndi malo ngati chikukukakamizani kusintha chochita pa mapu, ndiponso ngati chili ndi mtengo wake. Chikapanda kutero, odandaula aja akunena zoona. Zimenezi n'zotheka kuziyesa gemu ili m'manja, m'malo momangokokana pakamwa, ndipo ndikuwonetsani mmene ine ndimachitira.

Yambani ndi kulekanitsa zimene mukukanganirana

Kawirikawiri anthu awiri amakangana usiku wonse pomwe aliyense akunena chinthu chakechake. Wina akunena ukwati wa ndale, wa mafumu opatsana ana kuti agwirizane. Wina akunena ubale wa asilikali awiri omenya nkhondo moyandikana mpaka kukondana. Winanso akunena zomwa tiyi, zopatsana mphatso ndi zoyang'anana m'maso, zimene zimachitika nkhondo itaima. Musanayankhe mnzanu, m'funseni kuti akunena chiti, ndipo atchule gemu yake.

Choyambacho sindiwona kuti pali chokanganirana. Aliyense wodziwa mbiri ya ku Ulaya adzakuwuzani kuti ukwati unali chida cha nkhondo. Mu 1152 Eleanor wa ku Aquitaine, ukwati wake ndi mfumu Louis VII ya ku France utangothetsedwa, anakwatiwa ndi Henry wa ku Anjou. Patapita zaka ziwiri Henry anakhala mfumu ya England, ndipo chigawo chachikulu cha France chinapezeka chili m'manja mwa mfumu ya dziko lina. Banja la Habsburg linakula m'njira yomweyi: Maximilian anakwatira Mary wa ku Burgundy mu 1477, mwana wawo Philip anakwatira Joanna wa ku Castile mu 1496, ndipo mdzukulu Charles V anadzalowa maufumu onsewo pamodzi. Mtengo wake unadzabwera mochedwa. Chifukwa chokwatirana pachibale kwa mibadwo yambiri, Charles II wa ku Spain anabadwa wodwaladwala, namwalira mu 1700 wopanda mwana, ndipo Ulaya analowa m'nkhondo yolimbirana mpando wake. Gemu yonena za nthawi imeneyo ikachotsa ukwati ndiye kuti yachotsa theka la strategy.

Zotsutsana zenizeni zili pa ziwiri zinazo.

Muyeso woyamba: kodi chasuntha msilikali?

Tengani pepala ndi cholembera, musewere mutu umodzi wa gemu kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Nthawi iliyonse imene mwaika msilikali pa malo ena chifukwa cha amene akukondana naye, lembani kachizindikiro. Mukafika kumapeto pepala lili loyera, chikondicho chili kunja kwa gemu, chinangomatidwapo.

Poyesera pabwino ndi pa Fire Emblem Awakening, imene Intelligent Systems ndi Nintendo anatulutsa pa makina a magemu a m'manja a 3DS mu 2012 ku Japan, kwina konse mu 2013. M'menemo ubale wa asilikali awiri umakula akamamenya nkhondo atayandikana, kapena mukawaphatikiza pa kabokosi kamodzi. Umakwera kuchoka pa C, kupita pa B, kenako A, ndipo mwamuna ndi mkazi akafika pa S amakwatirana. Ubale ukamakwera, wakumbuyo amathandiza wakutsogolo pafupipafupi: amaponya nawo nkhonya yachiwiri, nthawi zina amatchinga chida cha mdani kuti mnzake asavulale n'komwe.

Tsono tawonani zimene zimachitika pa mapu. Muli ndi Sumia, wokwera hatchi yamapiko. Amawuluka pamwamba pa mitsinje ndi mapiri, koma muvi umodzi wa woponya uta ukhoza kumugwetsa. Mukufuna akwatirane ndi Chrom, mtsogoleri, amene malo ake ndi kutsogolo, ndipo akangofa gemu yathera pomwepo. Kuti ubale ukule muyenera kuwasunga pamodzi, kutanthauza kuti mwina Sumia alowe kumene kuli mauta, mwina Chrom abwerere kumbuyo. Mukawaphatikiza, awiriwo amayenda ngati munthu mmodzi, ndiye mwadzichepetsera manja pa bwalo. Pamenepa mumaima, chala chili pa batani, n'kumawerenga tibokosi timene woponya uta uja angafikire. Kuganiza kumeneko ndi strategy yeniyeni, ndipo chakubweretsa ndi ukwati.

Pali nthawi yomalizira. Chrom amakwatira pakutha pa mutu 11, mufune musafune. Gemu imamusankhira amene ali naye pafupi kwambiri, ndipo ngati palibe woyenera imamupatsa mtsikana wamba wa m'mudzi. Olivia, wovina uja, amalowa m'gulu pa mutu 11 womwewo, choncho wofuna kuti Chrom akwatire iyeyo ayenera kupewa kumuyandikizitsa kwa akazi enawo m'mitu yonse yam'mbuyo, kenako n'kukonza mapu amenewo mongowazungulira awiriwa. Ndimalikonda kwambiri dongosolo limeneli chifukwa silikunyengererani.

Muyeso wachiwiri: mwalipira chiyani?

Apa ndi pamene ndimachedwapo, chifukwa ndi pamene magemu ambiri amagwera. Chinthu chaulere m'gemu ya strategy si chisankho. Ngati kukwatitsa asilikali kukungowonjezera mphamvu popanda chotaya, aliyense azingotero, ndipo yangokhala ntchito yowonjezera.

Gemu imene inamvetsa bwino zimenezi ndi Crusader Kings III ya kampani ya Paradox ya ku Sweden, yotuluka mu 2020. Simusewera ngati dziko ayi, mumasewera ngati munthu, ndipo akamwalira mumapitiriza ndi mlowam'malo wake wa banja lomwelo. Akasowa wotere, gemu yatha. Yambani mu 1066 ndi mfumu yaing'ono ya ku Ireland, kumene ambiri amaphunzirira, mutsegule mndandanda wa anthu oti mwana wanu wamwamuna angakwatire. Mudzawona mwana wa mfumu yamphamvu, amene akubweretserani mgwirizano wa asilikali koma alibe luso lililonse. Mudzawona mtsikana wa banja losadziwika amene ali ndi nzeru zobadwa nazo zoti adzukulu anu angatengere, koma ukwati wake ukutsitsani ulemu. Mudzawonanso wina amene ali ndi ufulu wolowa dziko loyandikana nalo, woti ana ake mudzawamenyere nkhondo. Simungatenge zonse. Ndipo mgwirizano uja uli ndi ngongole yake, chifukwa apongozi akayamba nkhondo yawo adzakuitanani, mukakana mbiri yanu iwonongeka.

Mwana wamkazi ndiye amafuna kusamala. Mukamukwatitsa mwa nthawi zonse, ana ake amawerengedwa a banja la mwamuna. Ngati iyeyo ndiye adzalowe ufumu wanu, mwapereka dziko kwa eni ena. Pali kabokosi kochonga kamene kamachititsa kuti ana akhale a kwa mayi. Kwa ife Achewa izi sizachilendo: ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo ufumu umatsata kuchikazi, pomwe osewera ambiri a kwina amavutika kuzimvetsa poyamba. Chongani kabokosiko, koma dziwani kuti mafumu akuluakulu sakonda kupereka mwana wawo wamwamuna m'njira imeneyi, makamaka amene adzalowe mpando. Mudzapeza mwamuna wotsikirapo, banja lanu n'kupulumuka.

Wina anganene kuti zonsezi ndi ndale, chikondi chili pati? Chilipo, ndipo ndicho chimasokoneza ndalezo. Munthu wanu akhoza kukonza chiwembu chofunsira amene mtima wake wafuna, kaya ndi mkazi wake yemwe, kaya ndi wa mwini. Chibwenzi cha mseri chimasanduka chinsinsi, ndipo akazitape a mafumu ena amakhala akufufuza zinsinsi zotere. Akachipeza amakugwirani pakhosi: muwavotere, muwapatse mpando, muvomere ukwati umene simukuufuna. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati amabweretsa funso lina: mukamuvomereza mwakhumudwitsa mkazi wanu ndi ana ake, ndipo mwawonjezera pakamwa pogawana dziko, paja m'zaka zoyambirira malamulo amagawa cholowa kwa ana aamuna onse. Komanso munthu aliyense ali ndi khalidwe lake. Mukamuchititsa zosemphana nalo, nkhawa yake imakwera, ikafika pa 100 amasokonezeka maganizo, ndipo akhoza kuyamba kumwa mwauchidakwa kapena kudzipatula. Mfumu yodzisunga simungaiyendetse m'zibwenzi popanda kuiwononga.

Choncho mukamayesa, chitani dala. Sungani gemu, muyambitse chibwenzi chimodzi chosayenera, muyendetse zaka makumi awiri za m'gemumo, muwone ngati malire a dziko lanu asintha chifukwa cha icho. Kenako bwererani pamene munasunga, musewere zaka zomwezo osachiyambitsa. Mapu awiriwo akafanana, odandaula apambana. Mu Crusader Kings safanana kawirikawiri.

Muyeso wachitatu: kodi chingatayike?

Fire Emblem kuyambira pa gemu yoyamba ya 1990 inatchuka ndi lamulo lakuti msilikali akafa wafa, sabweranso. Ukwati unalowa mu 1996 ndi Genealogy of the Holy War, imene inatuluka ku Japan kokha pa makina a Nintendo a Super Famicom. Anthu ambiri oti zachikondi zinabwera posachedwa kudzakopa ogula atsopano sadziwa zimenezi. Gemu yomweyo ndi imenenso inabweretsa lamulo lotchuka lija lakuti lupanga limagonjetsa nkhwangwa, nkhwangwa imagonjetsa mkondo, mkondo umagonjetsa lupanga. Malamulo awiriwa anabadwa tsiku limodzi.

Gemuyo inagawidwa pawiri. Theka loyamba mumasewera ndi Sigurd ndi gulu lake, lachiwiri ndi mwana wake Seliph pamodzi ndi ana a asilikali aja. Ana amatengera luso, magazi opatulika ndi zida za makolo. Mkazi akafa, kapena akafika kumapeto a theka loyamba wosakwatiwa, ana ake sabadwa, ndipo gemu imakupatsani olowa m'malo amene nthawi zambiri amakhala ofowokerapo. Taganizani: kusasamala kwanu pa mutu 3 mukudzakumva kuwawa pa mutu 8. Sindikudziwa njira ina imene wopanga gemu angakuchititsireni kuteteza msilikali wofowoka ndi mtima wonse kuposa imeneyi.

Ndiye poyesa m'magemu atsopano monga Awakening, sankhani kaseweredwe ka Classic, kamene wakufa sabweranso, osati ka Casual kamene kamabweza akufa nkhondo ikatha. Sindikunyoza osewera Casual, aliyense ali ndi nthawi yake ndi mtima wake. Koma ngati funso lili lakuti chikondi chikulemera bwanji pa mapu, simungachiyese pa sikelo yochotsedwa imfa.

Kumene odandaula akunena zoona

Musalowe mkanganowu ngati kuti mbali inayo ilibe mfundo. Ili nazo zitatu zolimba, ndipo yoyamba ndi nthawi. Yang'anani koloko. Mu Fire Emblem: Three Houses ya 2019 pa Switch, pakati pa nkhondo ziwiri mumazungulira sukulu ya Garreg Mach, kutola zinthu zotayika n'kumafunsa mwini wake, kupereka mphatso, kuitana munthu ku tiyi n'kumasankha nkhani yoti akondwe. Lembani mphindi zimene mwatha pa mapu ndi zimene mwatha m'makonde. Zam'makonde zikaposa, muli ndi ufulu wodandaula. Ukwati wenweniwo umabwera nkhondo yomaliza itatha, ana palibe, choncho mphete ya ukwatiyo sisuntha msilikali aliyense. Pa muyeso wanga woyamba yalephera. Chimene chapambana m'gemuyo ndi ubwenzi wamba: mukakulitsa ubale ndi wophunzira wa nyumba ina mwa magulu atatu a pasukulupo, kumukopera kwanu kumaphweka, ndipo amene simunamukope mukhoza kudzakumana naye patapita zaka zisanu ali mbali ya adani, inu muli ndi lupanga m'manja.

Yachiwiri ndi nkhani yopanda mutu. Mu Awakening ana amabwera kuchokera m'tsogolo, ndipo ulendo umenewo ndiwo msana wa nkhani yonse, choncho zimamveka. Fire Emblem Fates, yotuluka mu 2015 ku Japan, inafuna kubwereza zomwezo popanda chifukwa. Makanda amatumizidwa ku malo kumene nthawi imathamanga, mukapitako mupeza akula, okonzeka kumenya nkhondo pambali pa makolo amsinkhu wawo. Inalinso ndi kasewero kosisita nkhope ya msilikali pa sikirini, kamene kanachotsedwa gemuyo popita ku America ndi ku Ulaya. Zimenezi sindingaziikire kumbuyo.

Yachitatu ndiyo imandivuta kwambiri. Ana akakhala amphamvu mopitirira, chikondi chimatha, patsala kuweta. Mu Awakening muli luso lotchedwa Galeforce, limene limalola msilikali kuyendanso kachiwiri akapha mdani. Limaphunziridwa pa levulo 15 ya Dark Flier, udindo wa akazi okhaokha, ndiye ana aamuna monga Owain, Inigo ndi Brady angalipeze kudzera kwa amayi awo basi. Zotsatira zake, osewera amakhala maola akukweza amayi pa mapu obwerezabwereza, ndipo amuna amasankhidwa poyang'ana manambala, osati nkhani za awiriwo. Mu Crusader Kings chimodzimodzi, anthu amasefa mndandanda kufuna nzeru, mphamvu ndi kukongola kobadwa nako, mpaka kukwatitsa pachibale. Kumeneko Paradox inaikako chilango, chifukwa matenda a pachibale amatuluka monga anawatulukira a Habsburg. Awakening ilibe chilango chotere.

Pali dandaulo lina lakuti opanga akatanganidwa ndi zokambirana za okondana, mapu amawanyalanyaza. Umboni wake amatchula Awakening, kumene cholinga chimangokhala kupha adani onse kapena kugonjetsa mtsogoleri wawo. Koma yankho lili mu Fates yomwe ndaidzudzulayo. Gawo lake la Conquest lili ndi maukwati onse aja, komabe mutu 10, woteteza doko kwa maulendo 11 osinthana kuyenda ndi adani pomwe mtsogoleri wawo Takumi akuphwetsa madzi kuti adani awoloke, ndi umodzi mwa mapu amene osewera amawatamanda kwambiri. Ukwati ndi mapu abwino zimatha kukhalira limodzi.

Muyeso womaliza, wowawa: chotsani mawu oti chikondi

Dzifunseni ngati dongosolo lomwelo likanagwira ntchito awiriwo akanangokhala abwenzi. XCOM 2: War of the Chosen ya Firaxis, ya 2017, imayankha kuti inde. Asilikali opita ku nkhondo limodzi kawirikawiri amapanga ubale, wina akhoza kupatsa mnzake mpata wake woyenda, ndipo mmodzi akaphedwa wotsalayo akhoza kupenga ndi ukali. Gemuyo sinena kuti ndi okondana, imakusiyirani inu. Miyeso yanga itatu yonse ikukwanira popanda ukwati.

Ndiye ukwati ukuwonjezera chiyani chimene ubwenzi sungathe? Ine ndapeza ziwiri zokha. Umabereka m'badwo wina, kutanthauza kuti chisankho cha lero chimakhala ndi moyo mwini wake atapita. Ndipo umatseka zitseko: msilikali akhoza kukhala ndi abwenzi ambiri, koma S ndi mmodzi, mukapereka Lissa, mlongo wa Chrom, kwa uyu simungam'perekenso kwa uyo. Gemu imene ilibe mibadwo, ndiponso sikutsekerani khomo lililonse, ilibe chifukwa cha strategy choikira chikondi. Ikhoza kuchiika chifukwa cha nkhani, monga Blizzard inachitira ndi Raynor ndi Kerrigan mu StarCraft, ndipo palibe cholakwika, koma musanene kuti ndi mbali ya kasewero. N'chifukwa chakenso Civilization, imene mtsogoleri wake safa kwa zaka masauzande, siisowa ukwati ngakhale pang'ono.

Pokambirana ndi mnzanu

Gwirizanani gemu imodzi, mutu umodzi, mulingo umodzi wa kuvuta. Wina asewere akukwatitsa mwadala, wina asewere osatsegula n'komwe zokambirana za ubale. Mukatha fananizani zinthu zogwirika: amwalira angati, mwatha maulendo angati, mphindi zingati zapita kunja kwa mapu, ndi pati pamene munaika msilikali pa ngozi chifukwa cha mnzake. Musafunsane kuti zakusangalatsa kapena ayi, limenelo ndi funso la kukoma kwa m'kamwa, silitha. Ndipo ngati gemuyo mukugulira mwana, yang'anani msinkhu wolembedwa pa bokosi kapena pa sitolo ya pa intaneti, chifukwa chigololo ndi kuphana kwa pachibale za mu Crusader Kings si za ana aang'ono.

Simufunika ndalama zambiri kuti muyambe. Crusader Kings II ya 2012 ndi yaulere pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kuyambira 2019, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale. Ukwati, chitomero, ana a kwa mayi ndi migwirizano zonse zilimo osagula chowonjezera. Mukafuna yachitatu, Steam imabweza ndalama ngati simunasewere kupitirira maola awiri ndiponso masiku 14 sanadutse. Maola awiri ndi ochepa pa gemu yotere, ndiye musawathere pa nkhondo. Imitsani nthawi, tsegulani banja la mfumu yanu, mukwatitse ana onse ofika zaka 16 ndi kutomeretsa ang'onoang'ono, kenako muthamangitse koloko mpaka apongozi oyamba atakuitanani ku nkhondo yawo.